Moto wa Mkati mwa Samusa: Kuziziritsa Oyilo mu Injini ya Rotary pa Ndege Yopanga Wekha

 Masana ano dzuwa la Okutobala likuswa mtengo chonchi. Kutenthaku sindikudandaula nako, chifukwa ndiko kundithandize kufotokoza nkhani yanga.

Mnzanga wina wa ku Chilomoni atamva mutu wa nkhaniyi anaseka mpaka kugwira nthiti. Anati, "Achimwene, anthu akuvutika ndi maminibasi owira pokwera ku Bangwe, inu mukawauze za ndege?" Ndinamuyankha kuti chimene chimawiritsa minibasi ya ku Bangwe n'chomwechonso chimene chingagwetse ndege. Kungoti wa minibasi amaimika pambali pa msewu, kondakitala n'kuthamanga ndi chigubu kukapempha madzi. Kumwamba kulibe poimika.

Maloto opanga ndege si achilendo kuno kwathu. M'chaka cha 2016 nyuzipepala zinalemba za mmisiri wina wa kumudzi m'chigawo chapakati amene anawotcherera helikopita pakhomo pake n'kuikamo injini ya njinga yamoto. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserera madroni ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata kupanga tindege topanda woyendetsa. Maiko ena anapita patali. Ku America kuli bungwe la Experimental Aircraft Association limene Paul Poberezny anayambitsa mu 1953, ndipo chaka chilichonse ndege zikwizikwi zimasonkhana ku Oshkosh, zina mwa izo zomangidwa m'magalaja a kunyumba. Pafupi pompa, ku Johannesburg, kampani ya Sling imagulitsa ndege zosamanga, wogula n'kukalumikiza yekha zidutswazo.

Pakati pa anthu amenewa pali kagulu kamene kamazula injini ya rotary m'galimoto ya Mazda n'kuika pa ndege. Mphamvu amaipeza mosavuta. Chimene chimawasowetsa tulo ndi oyilo wotentha. Munthu akapanga ndege, aliyense amafunsa kuti, "Kodi iuluka?" Funso langa lero ndi lakuti, ikauluka, kutentha kudzatulukira pati?

Injini yake ndi iti

Pali zinthu zitatu zimene mayina ake amasokoneza. Choyamba ndi Rotax. Ili ndi dzina la kampani ya ku Austria, ndipo injini yake yotchuka ya 912 ndi ya mapisitoni wamba. Chachiwiri ndi rotary yakale ya pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, monga Gnome ndi Le Rhône za ku France, mmene masilinda onse ankazungulira limodzi ndi pulopela, shafuti ili chiimire. Injini zimenezo zinkamwa mafuta a nsatsi, nsatsi yomweyi imamera yokha padzala kwa agogo. Mafutawo sankabwerera. Ankalowa, n'kutuluka ndi utsi, ena n'kumwazikira kumaso kwa woyendetsa. Wopanga injini yotero analibe nkhawa yoziziritsa oyilo, popeza ankangomutaya.

Chachitatu, chimene tikukamba lero, ndi injini ya Felix Wankel, mmisiri wa ku Germany amene anabadwa mu 1902 n'kumwalira mu 1988. Injini yake yoyamba inalira mu 1957 pa kampani ya NSU, ndipo mu 1964 kampaniyo inatulutsa galimoto ya NSU Spider. Koma amene anaikakamira ndi a Mazda ku Hiroshima. Anagula chilolezo mu 1961, gulu la amisiri lotsogozedwa ndi Kenichi Yamamoto n'kulimbana nayo mpaka kutulutsa Cosmo Sport mu 1967. Kenako kunabwera RX-7 mu 1978, ndi RX-8 imene inapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2012. Mu 1991 galimoto yawo ya 787B inapambana mpikisano wa maola 24 ku Le Mans.

Kuti muione m'maganizo, tengani khoko la mtedza la njere ziwiri, lija lotupa uku ndi uku koma lofinyika pang'ono pakati. Mkati mwake muikemo samusa wonenepa, wa mbali zotukumuka. Khokolo ndi nyumba ya injini, samusayo ndiye rota. Makona atatu a samusa amakhudza khoma nthawi zonse, motero pamakhala tizipinda titatu timene timakula ndi kuchepa rota ikamayenda. Pena mpweya ndi petulo zikulowa, pena zikufinyidwa, pena zikuyaka, pena utsi ukutuluka. Rota ikazungulira kamodzi, shafuti yazungulira katatu. Injini ya 13B, imene opanga ndege amaikonda, ili ndi marota awiri, iliyonse ya ma cc 654.

Opanga ndege amaikonda pa zifukwa zomveka. Zitsulo zikuluzikulu zoyenda n'zitatu zokha: marota awiri ndi shafuti. Mulibe mavalavu oti apse, mulibe camshaft, mulibe pisitoni yoti iime n'kubwerera. Ndi yaing'ono, sigwedeza kwambiri, ndipo imamwa petulo wa galimoto. Nyumba yake ndi ya aluminiyamu pamene rota ndi yachitsulo, choncho ikatentha nyumbayo imafutukuka kuposa rota, ndipo kawirikawiri sigwirana mwadzidzidzi monga ichitira pisitoni. Pa ndege imathamanga pafupifupi maulendo 6,000 pa mphindi, n'chifukwa chake amaikapo giya yochepetsa liwiro kuti pulopela izizungulira mosapitirira 2,700.

Koma walira mvula walira matope. Taganizirani samusa uja. Mbali zake zitatu zonse zimakumana ndi moto, ina ikachoka ina yafika. Khoma la nyumba lili ndi ngalande za madzi, madziwo amapita ku rediyeta monga m'galimoto iliyonse. Nanga rota, imene ili pakati penipeni, yozingidwa ndi moto, madzi angaifike bwanji? Sangaifike. Chimene anachita amisiri n'kuisiya yamphako mkati. Oyilo amayenda m'kati mwa shafuti, n'kutuluka pa timabowo, kuwaza m'mphakomo, kunyamula kutentha, n'kugwera m'sampu. Mu injini ya mapisitoni ntchito yaikulu ya oyilo ndi kuteteza zitsulo kuti zisaperesane, kuziziritsa n'kongothandizira. Mu rotary oyilo ali ndi ntchito ziwiri zofanana kulemera, ndipo ya kuziziritsa rota alibe womulandira.

Zimene ndinaona ku Limbe

Izi sindinaziphunzire m'buku. Ndili mnyamata wopatsira masipanala pa galaja ina ku Limbe, kunabwera RX-7 yofiira, oyilo ali chuchuchu kutsogolo. Mwala unali utaboola karediyeta ka oyilo, kaja amakaniko timati oil cooler. Abwana anali atapita kukagula zitsulo, mwini galimoto ali pachangu. Ine ndi mnzanga tinachita zimene tinaonapo ena akuchita pa magalimoto ena: tinachotsa karediyetako, mapaipi awiri aja n'kuwalumikiza ndi kachitsulo. Tinaliza injini, geji ya kutentha inakhala pakati bwinobwino. Mwini wake anatipatsa ya fanta, ife n'kudziona amisiri.

Sipanathe mwezi, galimoto ija inabwera ikufuka utsi wabuluu ngati akuwotcha matayala. Abwana anaimasula injini ife tikuonerera. M'mbali mwa rota mumakhala mphete zoletsa oyilo kulowa m'chipinda cha moto, ndipo mkati mwa mphetezo muli timphira tozungulira. Abwana anatola kamphira kamodzi n'kundiika m'dzanja. Kanali kouma gwa ngati chingwe cha chikopa chokhalitsa padzuwa. Nditangokapinda, kanathyoka katatu. M'mphako ya rota munali makala akuda omatirira ngati mkute wopserera pansi pa poto.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati, "Koma bwana, geji imaonetsa bwinobwino."

Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Iwe mnyamata, geji ija imakuuza za madzi. Za mkati umu unafunsa ndani?"

Galimoto ija inatha milungu ingapo isanafe chifukwa m'tauni injini sigwira ntchito yolemetsa. Pa ndege nkhani yomweyo ikanatha m'mphindi zowerengeka.

Maketulo 20

Galimoto ikamayenda mu Chipembere Highway kuchoka ku Ginnery Corner kupita ku Limbe imagwiritsa ntchito kagawo kochepa ka mphamvu zake. Dalaivala amaponda, n'kusiya, n'kuima pa raundabauti. Injini imapuma. Ndege ikamanyamuka imafuna mphamvu zonse, imakwera ndi mphamvu zonse, ndipo ikafika pamwamba imayendabe ndi magawo 65 mpaka 75 pa 100 alionse kwa maola. Amene munakwerapo phiri kuchokera pa Thabwa ndi lole yodzaza, phazi lili pansi, muganize kuti phirilo silikutha kwa maola awiri.

Tiyeni tiwerengere mwachidule. Tiyerekeze kuti injini ya 13B ikutulutsa mphamvu za akavalo 160. Pamenepo imamwa petulo pafupifupi malita 55 pa ola, ndipo moto wa petulo ameneyu ndi makilowati pafupifupi 500. Mwa amenewa, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi ndi limene limafika ku pulopela. Pafupifupi theka limathawira ku ekizozi, n'chifukwa chake paipi ya utsi ya rotary imafiira ndipo imatha kufika madigiri 900. Gawo lotsalalo, makilowati ngati 125, liyenera kuchotsedwa ndi madzi ndi oyilo. Opanga ndege za rotary amawerengera kuti madzi amatenga magawo awiri, oyilo gawo limodzi. Ndiye kuti oyilo akusenza makilowati pafupifupi 40.

Ketulo yamagetsi ya kukhitchini imakhala ya makilowati awiri. Choncho muone maketulo 20 atayatsidwa nthawi imodzi, onse akuwiritsa malita ochepa chabe a oyilo. Kutentha konseko kuyenera kutuluka kudzera pa karediyeta kamene mungakanyamule m'khwapa. Ndipo malire ake ndi opanikiza: oyilo wobwerera mu injini asapitirire madigiri pafupifupi 100. Akapitirira kwa nthawi yaitali, amasanduka wamadzimadzi, mabeyaringi amayamba kudyeka, timphira tija timauma, rota imasowa woiziziritsa.

Vuto lina n'lakuti oyilo ndi wouma mtima potaya kutentha. Kilogalamu ya oyilo imanyamula pafupifupi theka la kutentha kumene kilogalamu ya madzi inganyamule, komanso kutentha kumayenda pang'onopang'ono mkati mwake. Amayi athu amadziwa za phala: la m'mbali mwa mbale limazizira, lapakati likuwotchabe, mpaka ulitakase. Oyilo amachita chimodzimodzi m'paipi. Wokhudza khoma amazizira n'kulimba, wotentha n'kumadutsa pakati osakhudza chitsulo. N'chifukwa chake m'kati mwa karediyeta ka oyilo kenikeni amaikamo tizitsulo topindapinda totakasa oyiloyo. Rediyeta ya madzi, ngakhale ikule bwanji, siinapangidwire ntchito imeneyo.

Okutobala wa ku Chileka

Tsopano tibwere kwathu. Zambiri zimene mudzawerenge zokhudza kuziziritsa injini zinayesedwa kumaiko kumene mabwalo a ndege ambiri ali pafupi ndi mulingo wa nyanja yamchere. Mabuku a zandege amawerengera mpweya wa madigiri 15 wolemera makilogalamu 1.225 pa kiyubiki mita. Bwalo la Chileka lili pamtunda wa mamita pafupifupi 780. Mzinda wa Blantyre uli pamwamba kuposa apo, mamita opitirira 1,000, Limbe ndiye pamwambanso. Ife a ku Limbe timavala majuzi chiperoni chikafika, koma aliyense amene anatsikirapo ku Chileka mu Okutobala kapena Novembala akudziwa kuti kumeneko n'kotentha.

Tsiku la madigiri 35 pa Chileka, mpweya umalemera pafupifupi makilogalamu 1.04 pa kiyubiki mita. Wapepuka ndi magawo 15 pa 100. Kwa ndege zili ngati bwalolo lakwera n'kufika mamita 1,700. Mapiko amafuna msewu wautali kuti anyamuke, ndege imakwera mwaulesi, ndipo mpweya wodutsa m'karediyeta ndi wochepa.

Kuwonjezera apo, chimene chimakankha kutentha kuchoka mu oyilo kupita mumpweya ndi kusiyana kwa ziwirizi. Oyilo wa madigiri 100 akakumana ndi mpweya wa madigiri 15, kusiyana ndi 85. Akakumana ndi wa madigiri 35, kusiyana ndi 65. Mukaphatikiza ndi kupepuka kuja, karediyeta komweko kataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Munthu wokopera muyezo wa mnzake wa ku Germany, bauti ndi bauti, akhoza kuuluka bwino mu Juni n'kudzaona zoopsa mu Okutobala. Akatsikira ku Nchalo, mpweya umalemerako chifukwa n'kotsika, koma kutentha kwake ndiye kosaneneka.

Nthawi yoopsa kwambiri ndi mphindi zisanu zoyamba. Ndege yakhala pansi ikudikira chilolezo, pulopela yokha ikupemerera, oyilo watentha kale. Kenako mphamvu zonse, liwiro lochepa, mphuno m'mwamba. Moto wachuluka pamene mphepo yachepa. Ndipo kuno kwathu sungangoti nditsitse mphuno ndiziziritse, chifukwa Michiru ali pomwepo, Ndirande ndi Soche ali uko, Mpingwe ndi Chiradzulu akudikira kutsogolo. Muyezo wanu uchokere pa mphindi zimenezi, tsiku lotentha koposa, ndege itadzaza.

Njira ya mphepo

Munthu akaona oyilo akutentha, maganizo oyamba ndi kugula karediyeta kakakulu. Nthawi zambiri vuto silikhala pamenepo. Mphepo ili ngati madzi a mvula pa msewu wa ku Ndirande: imatsata pofewa. Karediyeta ndi chopinga, tizipsepse take n'tothithikana. Mukakapachika poyera, mphepo yambiri imangokalambalala. Imalowa mkati pokhapokha kutsogolo kukhale kofinyika kuposa kumbuyo.

Kuti mudziwe kuchepa kwa mphamvu imene tikuidalira, tiyeze ndi madzi. Ndege ikamakwera pa makilomita 120 pa ola, mphepo ya ku Chileka imakankha ndi mphamvu yongokweza madzi masentimita 6 m'paipi. Pa makilomita 240 pa ola imakweza masentimita pafupifupi 24, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri, kukankha kumawirikiza kanayi. Ndiye pokwera paja, chuma chanu chonse ndi masentimita 6. Kampata kamodzi kokwana chala m'mbali mwa karediyeta kakhoza kukuberani gawo lalikulu la chumacho.

Ngalande yabwino ya mphepo ili ndi zigawo zitatu. Pakamwa pake pakhale pocheperapo kuposa nkhope ya karediyeta, pamalo pamene mphepo ikufika yosasokonezeka. Kuchokera apo ngalande ikule pang'onopang'ono. Mphepo ikamafutukuka imachepetsa liwiro, ndipo liwiro lotayikalo limasanduka kufinya kumene kumaikankhira m'tizipsepse. Mukakulitsa mwadzidzidzi, mphepo imasiya khoma n'kuyamba kuzungulira ngati kamvuluvulu, pakati pokha pa karediyeta n'pamene pamagwira ntchito. Pa makoma owongoka, kupendeka kosapitirira madigiri ngati 7 mbali iliyonse ndiko amisiri amatsata. Gawo lachitatu, limene ambiri amaliiwala, ndi potulukira. Nyumba ya zenera limodzi sipita mphepo. Mpweya wotentha umafutukuka, umafuna khomo lokwanira, ndipo khomolo likhale pamalo pamene mphepo yakunja ikukoka. Mukautulutsira m'kati mwa chophimba injini mmene muli kale mpweya wofinyika, mwatseka khomo ndi dzanja lanu. Ena amaika kachitseko kotsegula pokwera n'kutseka poyenda.

Nzeru imeneyi ndi yakale. Mu 1936 F. W. Meredith wa ku Farnborough ku England anaonetsa kuti ngalande yokonzedwa bwino imabweza mbali ya mphamvu imene rediyeta imadya, chifukwa mpweya wotenthedwawo umatuluka mothamanga. Chimimba chija mumachiona pansi pa ndege yankhondo ya P-51 Mustang ndi ngalande yotero, ndipo pakamwa pake anapatalikitsa pang'ono ndi thupi la ndege kuti pasalowe mpweya waulesi umene umakwawa pakhungu.

Chinthu chimodzi musachite: kuika karediyeta ka oyilo kumbuyo kwa rediyeta ya madzi. Mpweya umafika utatenthedwa kale, kusiyana kuja kwa 65 n'kutsika mwina kufika 30. Kuli ngati kupemerera mwana wodwala malungo ndi nthunzi ya m'poto.

Zosankha ndi misampha yake

Njira yowongoka ndi oyilo kuziziritsidwa ndi mpweya mwachindunji. Karediyeta ka RX-7 kali ndi mbiri yabwino, ndipo kamabwera ndi kavalavu kolambalalitsa oyilo akadali wozizira. RX-8 zambiri za magiya apamanja zinatuluka ndi tiwiri, umboni woti a Mazda eni ake ankaudziwa moto umenewu.

Njira yachiwiri ndi kuziziritsa oyilo ndi madzi a injini, m'kabokosi mmene ziwirizi zimadutsana popanda kusakanikirana. Ubwino wake, ngalande ya mphepo imakhala imodzi, ndipo m'mawa wa chiperoni oyilo amafunda msanga. Koma maketulo 20 aja sanazime. Mwangowasamutsira ku rediyeta ya madzi, imene tsopano iyenera kukula ndi theka. Ndiponso oyilo sangazizire kuposa madzi omuziziritsawo.

Pali njira yachitatu ya injini zing'onozing'ono. Austro Engine AE50R, ya rota imodzi, imene imaikidwa pa ndege zouluka ndi mphepo za kampani ya Schleicher, imaziziritsa rota ndi mpweya wopopedwa ndi fani. Njinga zamoto za Norton ku England zinkadutsitsanso mpweya m'kati mwa rota. Inu okonda madroni, njira imeneyi ndiyo yoyenera kuiphunzira.

Tsono misampha. Ife Amalawi tili ndi luso lopezera chitsulo chakale ntchito yatsopano, ndipo msika wa ku Ndirande ndi sukulu payokha. Opanga ndege akunja nawonso amatola tizipangizo ta eyakoni ya galimoto n'kutisandutsa marediyeta a madzi. Koma ena atayesa kudutsitsamo oyilo, tinang'ambika. Oyilo amayenda ndi mphamvu ya ma bar 5 mpaka 7, kupitirira apo akakhala wozizira m'mawa, ndipo pampu imamukankha mogunda ngati mtima. Aluminiyamu yopyapyala imatopa ndi kugunda kotero. Paipi ya oyilo ikaphulika m'mwamba, sampu imauma m'kanthawi kochepa, oyiloyo n'kuwazikira pa ekizozi yofiira ija. Choncho karediyeta kakhale kopangidwira oyilo, kayesedwe ndi mphamvu yoposa imene kadzakumane nayo, kakhazikike pa mphira kuti kasamve kunjenjemera, ndipo mapaipi akhale ofewa, otakata, omangidwa ndi zolumikizira zamazinga. Waya ndi mphira ya chubu zitsale pa njinga.

Karediyeta kochokera ku injini imene inanoka musakakhulupirire, mumakhala tizidutswa ta chitsulo tobisala. Oyilo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu asayandikire ndege. Fumbi la chilimwe, timbewu ta udzu ndi mavu omanga ndi dothi zimatseka tizipsepse, choncho musanauluke suzumirani m'ngalande ndi tochi. Dziwaninso kuti rotary imawotcha oyilo pang'ono mwadala, pofuna kuteteza tizitsulo ta m'makona a rota. Ambiri opanga ndege amachotsa kapampu kochita zimenezi n'kumasakaniza oyilo wa two-stroke mu petulo. Amene wasankha njira imeneyi asadzaiwale ngakhale tsiku limodzi.

Kufunsa za mkati

Ndibwerere ku funso la abwana anga aja. Safunsa anadya phula, ndipo injini imayankha munthu amene waifunsa ndi geji. Ikani choyezera kutentha pamene oyilo akutuluka mu injini, china pamene akubwerera. Manambala awiriwa akamasiyana pang'ono pomwe onse ali okwera, karediyeta sikakutaya kutentha mokwanira, kayang'aneni mphepo. Yezaninso mpweya kutsogolo ndi kumbuyo. Ukamatuluka wotentha kwambiri, kufupi ndi kutentha kwa oyilo, ndiye kuti ukudutsa wochepa. Ukamatuluka wozizira pomwe oyilo akuwotcha, mphepo ilipo koma karediyeta n'kochepa, kapena oyilo akulambalala.

Chida choyezera kufinya kwa mphepo simukasowa kuitanitsa kunja. Ndi paipi yoonekera mkati ija omanga nyumba amayezera levulo. Ipindeni ngati chilembo cha U, thiranimo madzi a utoto, mbali imodzi kutsogolo kwa karediyeta, inayo kumbuyo, rula pakati. Matani timaulusi ta juzi m'kati mwa ngalande ndi kunja kwa potulukira, foni ijambule. Ulusi ukagona chogona, mphepo ikuyenda bwino. Ukamavina kapena kuloza chakumbuyo, pamenepo pali kamvuluvulu.

Ndege ikatha, musathamangire kumwamba. Imangeni pansi, iyesedwe pa mphamvu zonse, manambala alembedwe. Ku America, ndege yopanga wekha ya injini yochokera m'galimoto kawirikawiri imayenera kuuluka maola 40 oyeserera m'dera lopatulidwa isananyamule munthu wina. Kuno kwathu nkhani za mlengalenga zili m'manja mwa Civil Aviation Authority, ndipo ndege yolembetsedwa m'Malawi imanyamula zilembo zoyamba ndi 7Q. Pitani mukakambe nawo chitsulo choyamba chisanadulidwe. Pansi pa ndege yanu padzakhala madenga a ku Chirimba ndi ku Machinjiri, ndipo anthu a m'nyumbazo sanavomere kuyeserera nanu.

Ana athu a ku MUBAS, a ku Soche Technical ndi inu ophunzira m'magalaja, ndikusiyirani ntchito imene sifuna ndege. Pezani karediyeta ka oyilo kakale. Pitani kwa amisiri okhoma zidebe akupindireni ngalande ziwiri za malata, ina yokula mwadzidzidzi, ina yokula pang'onopang'ono. Mangani pamwamba pa pikapu, paipi ya levulo m'manja mwa wokhala kutsogolo. Pa makilomita 80 pa ola mphepo ili ndi masentimita osakwana atatu oti ikupatseni. Onani kuti ngalande iliyonse yakugwirirani angati. Kenako boolani kampata m'mbali, muone madzi akutsika ndi maso anu. Lembani tsiku, ola, malo ndi kutentha kwa kunja. Chitani zimenezi mwezi uno mvula isanagwe, mudzabwerezenso mu Juni. Mukatero tidzakhala ndi manambala a mpweya wathu, oyezedwa pa misewu yathu, ndipo adzathandiza wa ndege, wa jenereta, wa chigayo, ngakhale mnzanga uja wa maminibasi a ku Bangwe.

Kamphira kouma kaja ndinakasunga zaka zambiri m'bokosi la masipanala. Mnyamata aliyense wobwera kudzaphunzira ntchito kwa ine ndinkamuika m'dzanja kuti akapinde, mpaka kanatha n'kuthyokathyoka. Lero ndilibe choti ndikuikeni m'manja, n'chifukwa chake ndakutumani kukayeza nokha.